Khoma la mu Shopu ya Telala

Kunali kutangocha kumene, kunja kukuwaza kamvula, pamene Changu ndi bambo ake anafika pa shopu ya mayi telala. Bambo akewo anali mmisiri wopenta nyumba, ndipo mayiwo anali atawaitanitsa mwaukali.

M'shopumo, penti yobiriwira inali itatupa pakhoma ngati matuza. Timakoko take tinali titayoyokera pa makina osokera ndi pa diresi loyera la ukwati.

"Taonani ntchito yanu," anatero mayi telala, manja ali m'chiuno. "Mwezi sunathe n'komwe. Munapaka penti kapena malovu?"

Bambo anayendetsa chikhatho pakhomapo. Penti yatsopano inasendeka, pansi pake n'kuoneka yakale yachikasu. Khoma limenelo anali atasiyira Changu, atamuuza kuti ayambe wapala yakale yonse asanapake. Koma masana a tsikulo kunali mpira kusukulu.

"Pepani mayi, ndalakwa ndine. Ndikonza," anatero Bambo motsitsa mawu.

"Mukonza ndi maso ati? Mwakalamba, achimwene, kapumeni. A sitolo yamankhwala amafuna kukupatsani ntchito. Ndikawaitana adzaone okha."

Mtsikana wina amene ankasoka mabatani m'shopumo anaseka chobisa kukamwa. Changu anayang'ana nsapato za bambo ake, zodzaza madontho a penti ya nyumba za anthu.

"Si Bambo," anatero. "Khoma ili ndinapenta ndine. Sindinapale."

"Ndiye ukufuna ndikuombere m'manja?" Mayiwo anatembenukira kwa Bambo. "Kani ntchito yanga mumasiyira ana? Konzani khomali, mukamaliza musadzapondenso pano."

Anayalula diresi lija n'kutuluka nalo, kulowera ku sitolo yamankhwala kukawaonetsa.

Changu anadikira kukalipiridwa. Bambo anangomasula chikwama chawo cha zipangizo.

"Bambo, ndithamange ndikawafotokozere a sitolowo?"

"Ukawafotokozere chiyani? Khomali lanena kale." Anamupatsa chitsulo chopalira osamuyang'ana. "Uyambire pakona. Ikakana kuchoka, imeneyo ndi yogwira, uisiye. Ina yonse pansi."

"Nanga sukulu?"

"Ukanena kuti unali kumaliza ntchito ya mwezi watha."

Mtsikana wa mabatani anakokera mpando wake kutali ndi khoma, akung'ung'udza za fumbi. Changu anayala manyuzipepala pansi, anakwera pa makwerero, n'kuyamba kupala.