Mtolo wa Nkhuni pa Njira ya ku Komboni

Filimoni ananyamuka ku Rimuka, m'tauni ya Kadoma, dzuwa litalowa kale, ndipo kuchedwako kunali kwadala. Azakhali ake, a Eliness, anali atamuimbira foni masana kuti bambo ake, a Lameki, awatulutsa m'chipatala ku Chegutu chifukwa madokotala ati palibenso chochita.

"Akungofunsa za iwe," anatero azakhaliwo. "Akuti ubwere udzawapempherere ndi pakamwa pako asanapite."

Mawu amenewo ndiwo anamukhazika pagalaja pomwe ankagwira ntchito mpaka mdima, akupukuta masipanala oyera kale. Chimwalirireni mkazi wake Ruramai, Filimoni sanapondenso m'tchalitchi. Nthawi ya matendayo anasala kudya, anagwada mpaka maondo kutupa, koma Ruramai anapitabe. Pamaliro anthu ankati ndi chifuniro cha Mulungu. Iye anatsimikiza mumtima kuti kumwambako kulibe womva, ndipo ngati alipo, sadzamugwadiranso. Tsopano akanama bwanji pamaso pa bambo ake, mkulu wa mpingo, ali pafupi kutsirizika? Nanga akawakanira bwanji?

Kombi, minibasi yomaliza yopita ku Chegutu, inamutsitsa pamphambano ya msewu wafumbi. Kuchokera apo kukafika kukomboni ya pafamu kunali koyenda pansi, ndipo njirayo imadutsa m'mbali mwa manda a antchito akale, anthu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique amene sanabwererenso kwawo. Mwezi unali wochepa. Mitengo ya bulugamu inangoti chilili, tsamba ndi limodzi lomwe osagwedezeka.

Atayandikira mandawo, nkhululu zinaleka kulira. Zonse nthawi imodzi.

Kenaka anamva nyimbo... Mawu a mayi mmodzi, otsika, akuimba nyimbo ya m'tchalitchi m'Chichewa. Thupi lonse linachita tsemwe. Anafuna kubwerera. Miyendo inakana.

Patsogolo panaoneka chinthu choyera. Chikuyenda!

Anali mayi wovala bulauzi yoyera ndi duku loyera, monga amavalira amayi a Chigwirizano, bungwe la amayi a mpingo. Pamutu anali atasenza mtolo waukulu wa nkhuni. Filimoni anapumira m'mwamba, koma mtima unagundanso mwamphamvu. Amayi a mpingo akasenza nkhuni kulowera pakhomo pa munthu, ndiye kuti pagwa maliro. Nkhunizo n'zosonkhera moto wa anthu ogona pasiwa.

"Manheru, amai," anapereka moni m'Chishona monga anazolowera kutauni.

"Wachedwa, mwana wa a Lameki," anayankha mayiwo m'Chichewa, osacheuka.

"Nkhunizi mukupita nazo kuti?"

"Kwanu."

"Bambo anga ali moyo! Mukuwafulumizitsiranji? Bwererani nazo!"

Mayiwo anaima. Nkhope yawo sinkaoneka bwino, koma zovala zinkawala ngati kuti kamwezi kaja kakuunikira iwo okha.

"Ine sindisankha khomo," anatero mofatsa. "Kumene ndatumidwa ndimapita. Ndinatulapo nkhuni pakhomo panga pomwe, pa mwana wanga, misozi ili chuchuchu." Anautsitsa mtolowo pansi. "Senza. Khosi landipweteka."

Filimoni anauyang'ana. Kusenza nkhuni za maliro a bambo ake, iwo akupumabe? Kunali kuvomera ndi manja ake chinthu chimene pakamwa pake pankakana. Anayang'ana kumanda. Mitanda yachitsulo, yadzimbiri, ina yopendekeka. Anatsegula pakamwa kuti akane...

Mawu sanatuluke.

Pamalopo panagwa bata lalikulu. Silinali bata loopsa ngati la afiti. Linali lija limagwa m'tchalitchi anthu akaweramitsa mitu, wopemphera asanayambe. Filimoni anadziwa kuti sali awiri okha pamsewupo. Panali Wina. Sankamukalipira, sankamukankha. Ankangodikira.

Filimoni anawerama. Anauika mtolowo paphewa.

Kulemera kwake! Anayenda pang'onopang'ono, nkhuni zikumubaya m'khosi, ndipo asanafike patali anazindikira kuti akulira. Ankalira Ruramai, kulira kumene kunamukanika tsiku la maliro. Ankalira bambo ake. Kumbuyo kwake nyimbo ija inayambanso. Anatchera khutu kuti amve mapazi a mayiwo.

Ankamveka ake okha.

Sanayerekeze kucheuka. Anayendabe, nyimbo ikumutsata, mpaka anaona kandulo ikuwala pazenera la nyumba ya bambo ake. Anatula mtolowo pafupi ndi khomo, natembenuka kuti athokoze.

Msewu unali mbee. Panalibe munthu...

M'nyumbamo a Lameki anali gone pamphasa, akupuma movutikira, a Eliness atakhala kumutu kwawo. Nkhalambayo inatsegula maso.

"Filimoni... gwada apa, mwana wanga."

Anagwada. Mawu anatuluka movuta, Chichewa ndi Chishona zikusakanikirana. Sanapemphe kuti bambo ake achire, ndipo sanafune kunamizira chikhulupiriro chimene analibe.

"Mulungu, sindikumvetsani," anatero. "Ndinakukwiyirani, mwina mkwiyowo sunathe. Koma bambo angawa ndi anu. Chitani chimene mwakonza, ndipo ife otsala musatitaye."

"Ameni," ananong'ona a Lameki, namufinya dzanja. Anamwetulira, maso ali kuchitseko. "Ukawathokoze mayi Enesi. Akuperekeza bwino."

Tambala asanalire, a Lameki anatsirizika mwakachetechete, dzanja lawo lili m'dzanja la mwana wawo.

Kutacha anthu a pakomboni anayamba kusonkhana, ndipo abambo anayatsa moto panja ndi nkhuni zija. Filimoni anapeza azakhali ake kuseri kwa nyumba akutsuka makapu.

"Azakhali, mayi Enesi amakhala nyumba iti? Ndikufuna ndikachite zimene bambo anandituma."

A Eliness anasiya kutsuka. "Ndimayesa achimwene amangobwebweta. Iwe wawaona kuti?"

"Pamanda paja usiku. Nkhuni zikuyakazi anabwera nazo ndi iwowo. Ine ndangowalandira."

Kapu inagwa m'manja mwa a Eliness. Anayang'ana moto uja nthawi yaitali, kenaka anakhala pansi pafumbi pomwepo.

"Mwanawe, iwe sungawadziwe, anasamukira kuno utapita kale ku Kadoma. Anali mtsogoleri wathu wa Chigwirizano. Tinawaika m'manda omwewo chaka cha kolera chija, zaka zambiri zapitazo." Anadziloza pachifuwa. "Wowasambitsa ndinali ine."