Ndani Akunyamula Mwala wa Haris?

Haris anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kunyamula mwala.

Kumudzi kwawo, ukwati sutha popanda mwala. Ng'oma zimalira. Amuna amanyamula mwala waukulu mpaka paphewa. Anyamata amanyamula waung'ono.

Chaka chatha Haris anayesa. Mwala unakwera pang'ono. Kenako unagwa, di! Anyamata anaseka. Anamupatsa dzina loti Kaudzudzu.

Tsopano kunali kubwera ukwati wina. Amalume ake, a Munir, ankakwatira. Panatsala miyezi itatu.

Haris anafuna kuyeserera. Koma akayeserere kuti? Pabwalo panali anyamata. Kumsika kunali anyamata. Malo opanda munthu anali amodzi okha.

Kuseri kwa munda wa tirigu kunali bwinja. Nyumba yake inalibe denga. Inalibe chitseko. Anthu ankati mumakhala jini, mzimu woopsa.

Haris ankaopa jini. Koma ankaopa kwambiri kusekedwa.

Pamkono pake panali ulusi wakuda. Amayi ake ndiwo anamumanga kuti uzimuteteza. Ulusiwo unali wokhwepa. Unkatsetsereka mpaka pachigongono. Haris anaukweza. Anavala malaya a manja aatali. Anatuluka.

Unali m'mawa, mapemphero atangotha. Kunja kunali nkhungu. Nkhungu inabisa mitengo. Inabisa munda. Inabisa ndi mapazi ake omwe.

Mubwinja munali zii. Pakona panali mwala wozungulira. Unali ngati wa paukwati uja. Haris anaugwira. Anakoka. Mwala unafika m'mawondo. Di!

Mawa lake anapitanso. Mawa linalo anapitanso. Kukazizira, ankapita. Kukagwa mvula, ankapita. Akadzuka ndi ulesi, ankapita ndi ulesi wake womwewo. Akabwerako, ankadya chapati ndi tiyi wamkaka.

Mwezi unatha.

Tsiku lina Haris anaima m'munda. Anayang'ana pansi. Mu udzu munali kanjira. Kale munalibe kanjira. Kanjirako kankachokera kubwinja. Kankathera pakhomo pa nyumba yawo.

"Ndani amayenda muno?" anafunsa chapansipansi.

Khwangwala yekha analira mu nkhungu.

Haris anachita mantha. Koma anapitabe.

Mwezi wachiwiri unatha.

Tsiku lina Haris anagwira mwala. Anakoka. Mwala unadutsa m'mawondo. Unadutsa pamimba. Unafika pachifuwa. Unali wopepuka.

Haris anadabwa. Mwala suonda. Mwala sudwala. Nanga wapepuka bwanji? Kodi wina akumuthandiza kunyamula?

Nthawi yomweyo chinthu chinamugwira pamkono. Gwi!

Haris anataya mwala. Chinthu chija chinamusiya. Anacheuka kumanja. Panalibe munthu. Anacheuka kumanzere. Panalibe munthu. Panali nkhungu yokha.

Thupi lonse linachita tsemwe. Haris anathawa.

Kunyumba anapeza mlongo wake wamkulu, Rimsha. Haris ankamutchula kuti Baji. Rimsha ankakonda ndagi kuposa maswiti. Haris anamuuza zonse. Anamuuza za kanjira. Anamuuza za mwala. Anamuuza za chinthu chogwira pamkono.

Rimsha anamvetsera. Anamuyang'ana kumutu mpaka kumapazi.

"Jinilo lakuluma?" anafunsa.

"Ayi."

"Lakumenya?"

"Ayi. Limangondithandiza."

"Jini laulemu bwanji," anatero Rimsha. "Ukalifunse ngati limatsukanso mbale."

"Baji, musaseke. Kodi ndisiye?"

"Ukasiya, mwala wa paukwati akunyamulira ndani?"

Haris anaganiza. Anakumbukira kuseka kwa anyamata. Mawa lake anapitanso.

Ankalowa mubwinja mtima ukugunda. Gu, gu, gu. Ankapereka moni kwa jini. "Salamu." Jini silinkayankha. Akanyamula mwala, linkamugwira. Gwi! Akautula, linkamusiya. Tsiku ndi tsiku zinali choncho.

Mwezi wachitatu unatha.

Tsiku la ukwati linafika. Onse anakwera basi. Kwa mkwatibwi kunali kutali, kutsidya kwa mtsinje. Basi inadutsa munda wa tirigu. Inadutsa bwinja. Bwinja linatsala m'mbuyo.

Haris anada nkhawa. Jini silikwera basi. Jini latsala.

Kwa mkwatibwi, ng'oma zinalira. Amuna ananyamula mwala waukulu. Kenako anagubuduza waung'ono pakati pa bwalo.

Mnyamata wina, dzina lake Junaid, anaona Haris. "Kaudzudzu, wabwera?" anatero. "Samala, ungathyoke timiyendoto."

Haris anabisala kumbuyo kwa Rimsha.

"Baji, sinditha," ananong'ona. "Wondithandiza uja watsala kubwinja."

"Watsala?" anatero Rimsha. "Tiye tione. Pinda malayawo. Tsopano pinda mkono, ngati ukunyamula."

Haris anapinda malaya. Anapinda mkono mwamphamvu.

Gwi!

Chinthu chija chinamugwira. Pompo, masana, anthu onse alipo.

Haris anayang'ana pamkono. Panalibe dzanja la jini. Panali ulusi wakuda uja. Sunali wokhwepanso. Unali wothina.

Anawongola mkono. Ulusi unamusiya. Anapindanso. Ulusi unamugwira.

Ulusi sufupika. Ndiye chakula n'chiyani?

Haris anayang'ana mkono wake. Kenako anayang'ana mapazi ake.

"Baji, kanjira kaja," anatero pang'onopang'ono.

"Ine sindikudziwa," anatero Rimsha. "Ndani amayenda mmenemo m'mawa uliwonse?"

"Nanga kupepuka kwa mwala?"

Rimsha anangomutsina pamkono.

Ng'oma zinalira. Haris analowa m'bwalo. Anagwira mwala. Unali wozizira. Unali wolemera. Anakoka.

Mwala unafika m'mawondo. Mwala unafika pamimba. Mpweya unachepa. Mwala unafika pachifuwa. Gwi!

Ulendo uno Haris sanacheuke. Ankadziwa amene akunyamula.

Anakankha kamodzi. Mwala unakhala paphewa.

Woimba ng'oma anaimenya kwambiri. Amalume a Munir anathamanga. Anamunyamula Haris m'mwamba. Junaid anangoti kukamwa yasa.

"Udzudzu uwu wadya chiyani?" anafunsa.

Madzulo onse anabwerera kwawo. Basi inadutsa bwinja. Munali zii ngati kale. Haris analiyang'ana. Thupi silinachite tsemwe.

Kunyumba, amayi anamasula ulusi wothina uja. Anamumanga wina wautali. Unali wokhwepa.

"Uwunso udzathina," anatero Rimsha. "Usadzathawe."

Onse anakhala pamphasa. Amayi anabweretsa chapati zotentha. Bambo ake anayang'ana Haris. Nkhope yawo inali ngati ya munthu wamantha.

"Ndamva kuti m'nyumba muno muli jini," anatero. "Kodi limadya chapati zingati?"

"Zinayi, Abba," anayankha Haris.

Bambo anakankhira mbale kwa iye.

"Lipatseni zisanu," anatero. "Mawa m'mawa lili ndi ntchito kubwinja."