Woperekeza wa ku Kariokor

Modesta anatuluka pa Ngolo usiku utapita, maminibasi aja amati matatu atasiya kale kuyenda. Mlonda wa pakhomo anamutsegulira chitseko nati, "Pole, mama," osadziwa n'komwe chimene akupepesera.

Pa Ngolo panali podyera pa azungu akale, kumtunda kwa mzinda wa Nairobi. Dzina lake lenileni linali lachizungu, koma Amalawi ankangoti pa Ngolo chifukwa cha ngolo ya ng'ombe yakalekale imene anaiimika pakhomo kuti alendo azijambulitsapo. Chaka chinali cha 1981, Kenya atadzilamulira kalekale, koma mkati mwa nyumba ija dzuwa la atsamunda linali lisanalowe. Mitu ya njati pakhoma. Chikopa cha mbidzi pansi, anthu n'kumachiponda. Operekera zakudya anawaveka mikanjo yoyera ndi zisoti zofiira, azibambo aimvi ndithu, kumawerama pamaso pa ana ongomera ndevu dzulo.

Namfedwa sapita kumalo otero, ndipo Modesta ankadziwa. Mwamuna wake, Griffin Kalitsiro, anali m'mochale, atagundidwa ndi galimoto pa msewu wa ku Thika. Anthu anali pasiwa kunyumba kwawo ku Pangani, ndipo iye amayenera kukhala pamphasa, osasamba, osatuluka, kulandira opepesa. Koma kukacha panafunika yankho limodzi: bokosi likwera ndege kupita ku Ntcheu, kapena adzukulu akumba konkuno. Azibambo a pasiwapo anali atapita ku ofesi ya bungwe limene Griffin ankagwirako ntchito, n'kubwerako chimanjamanja. Ndiye Modesta anati mwina nkhope ya mkazi wamasiye ingafewetse pomwe masuti alephera. Anamva kuti mkulu wa ofesiyo, bwana Hale, amadya pa Ngolo Lachisanu lililonse. Anasiyira mnzake Veronica mwana wake woyamwa, Lenah, natsikira makwerero akuseri.

Bwana Hale anamulandira bwino, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. Anaimirira, namukokera mpando, namuitanitsira chakudya asanamve n'komwe chimene wabwerera. Inabwera nyama yaikulu ngati chikhatho, yopsa kunja kokha, mkati ili psu, magazi akuyenderera pa mbale yoyera. Modesta anali atachapa yekha malaya amene Griffin anavala tsiku langozi. Koma wopempha sakana chakudya. Anacheka kachidutswa, nameza osatafuna, wina pakona akuimba piyano.

Chizungu chake chinathera Sitandade 7, koma mawu oti ayi safuna sukulu. Bwana uja anafotokoza pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mwana. Griffin anabwera ku Kenya yekha kudzaphunzira, ntchito anaipeza konkuno, choncho kwa bungwe iye ndi wakuno. Bungwe limabweza kwawo okhawo amene linakawatenga kwawo. Za Modesta ndi mwana, tikiti ya ndege ipezeka, bwanayo aonapo yekha. Bokosi ayi.

Modesta anatsika pampando, nagwada pa chikopa cha mbidzi chija. Mafoloko anasiya kulira m'matebulo ena. Operekera zakudya anayang'ana kudenga. Bwana Hale anafiira mpaka m'makutu, akuti, "Please, Mrs Kalitsiro, please," kwinaku akukodola munthu kuti akaitane takisi. Modesta sanaidikire takisiyo. Potuluka anamva woperekera zakudya akufunsa bwana uja ngati abweretse zotsekemera.

Ndiye anayamba wapansi.

Unali mwezi wa Julaye, ndipo chisanu cha ku Nairobi chimalowa mpaka m'mafupa. Masitolo onse anali otseka ndi zitsulo. Mabere anali atadzaza, akupweteka, mkaka ukudutsa pa bulauzi n'kumazizira pachifuwa. Lenah ayenera kuti wadzuka. Veronica amupatsa chiyani? Ndipo akafika akawauza chiyani anthu? Nanga apongozi ake ku Bawi, amene anamugwira dzanja tsiku lonyamuka nati, "Mwana wangayu mudzandibweretsere," akawaonetsa chiyani? Sutikesi ya malaya?

Anawoloka mtsinje wonunkha wa mumzindamo, nakwera ku Ngara. Kutsogolo kunali anyamata oledzera atazungulira moto wa matayala, akuimba mluzu. Mkazi yekha sadutsa pamenepo. Anakhotera kumanja, njira ya ku Kariokor. Ndi yozungulira, koma imakatulukira ku Pangani komweko. Imangodutsa m'mbali mwa manda akale.

Magetsi a mumsewu anali apa ndi apo, ena akufa. Mpanda wa manda unayamba kudzanja lake lamanja, wamiyala, wakuda ndi ndere. Agalu amene ankauwa kumsika anangoti zii nthawi imodzi, ngati wina watseka chitseko.

"Zikomo kutsogoloko, mayi."

Chichewa! Usiku uno, pakati pa Nairobi!

Modesta anacheuka. Kumbuyo kwake kunaima bambo wamtali, wowonda, wovala mkanjo wofika pansi ndi chisoti chofiira, kansalu koyera kali pamkono. Woperekera zakudya wa pa Ngolo. Mwina bwana uja wasintha maganizo!

"Akutumani bwana?"

"Bwana satuma, mayi. Tiyeni, ndikuperekezeni. Mwadya?"

Funso lake linali laulemu, la kumudzi, koma mawu ake ankamveka ngati akuchokera m'mtsuko. Modesta anangoti wadya. Anayamba kuyenda, bamboyo ali pambali, cha kumbuyo pang'ono, monga amaimira operekera zakudya.

"Mkazi wanganso anamudyetsa bwino," anatero. "Anagwada pomwe mwagwada inu paja. Chikopa chija sachisintha."

Modesta sanakumbuke kuti anamuona bamboyu mkati muja. Anamuyang'ana m'mbali mwa diso. Mkanjo sunali woyera ngati ya anzake aja. Unali wachikasu, ngati nsalu yokhalitsa m'bokosi, ndipo m'makwinya mwake munali dothi lofiira.

"Kwathu n'ku Kasinje," anapitiriza. "Ku Nyasalande mvula inagwa chaka chino?"

Nyasalande? Ndani amatchula dzina limenelo masiku ano?

"Ku Malawi, bambo."

"Kodi? Ine kumeneko sindikudziwa." Kenako anafunsanso, "Mlatho wa Rivirivi anamanga?"

Modesta anafulumiza mwendo. Bamboyo sanafulumize, koma sanatsale. Anafika pansi pa getsi loyaka. Mpweya wa Modesta unkatuluka ngati utsi chifukwa cha chisanu. Anayang'ana pakamwa pa bamboyo, amene anali kulankhulabe.

Panalibe utsi.

"Mayi, ndamva kuti mukwera ndege. Munditengeko."

"Bambo, ndisiyeni."

"Ndilibe katundu. Sindilemera."

Mantha akachuluka amasanduka ukali. Modesta anaima, natembenuka.

"Ndalephera kutenga mwamuna wanga, bambo wa mwana wanga, ndiye nditenge inu? Ndinu ndani inu?"

Bamboyo anavula chisoti, nachigwira ndi manja awiri pachifuwa.

"Ndine Reuben Chimkoka. Ngati simunditenga, mukafike ku Kasinje. Mukawauze alongo anga kuti sindinachone dala. Ndinkabwera... ndinkabwera ine."

Fungo linamufika Modesta. Silinali la mowa, silinali la thukuta. Linali la dothi lonyowa, longokumbidwa kumene.

Anabwerera m'mbuyo. Msana unagunda mtengo wa getsi.

"A Griffin asaope," anatero bambo uja mofatsa.

Modesta sanatchule dzina limenelo. Sanalitchule!

"Poyamba pamavuta. Umadzuka, umafuna njira ya kwanu, suipeza. Umafunsa anthu, amathawa. Koma azolowera. Ndiziyenda nawo ine. Ndasowa wocheza naye m'chilankhulo chathu."

Modesta anathamanga.

Chitenje chinamasuka. Anachigwira ndi dzanja. Mpanda sunkatha. Miyala... miyala... miyala yokhayokha. Anacheuka. Ali pomwepo! Pambali, cha kumbuyo pang'ono. Mkanjo osagwedezeka. Mapazi osamveka.

"Yesu! Yesu wanga!"

Anapunthwa. Anagwa. Anadzuka. Bondo likutuluka magazi. Kutsogolo, ngodya ya mpanda... nyali ya kanyumba ka mlonda... msewu waukulu...

"Ine malire anga ndi pano, mayi."

Mawuwo anamveka pa khutu penipeni. Modesta anakuwa, natembenuka.

Panalibe munthu. Mpanda wokha, ndi pamalo pamene miyala inagumuka, pongokwana munthu wowonda kulowa cham'mbali.

Agalu anayambanso kuuwa.

Mmene anafikira ku Pangani sanadziwe. Anangomva nyimbo ya maliro ikutsika m'makwerero a nyumba yawo yosanja, mawu a amayi otopa ndi tulo. Pabwalo azibambo anali atazungulira mbaula, atafunda mabulangete. Anadzidzimuka kuona namfedwa akutulukira kumsewu, duku lili m'manja, mwendo uli magazi.

"Mayi Kalitsiro! Mwachoka nthawi yanji pamphasa?"

Amene anafunsa anali a Fraser Nkhoma, mkulu wa Amalawi onse a mu Nairobi. Anabwera ndi nkhondo ya Keyala ali mnyamata, osabwereranso, ndipo maliro alionse a Mmalawi mumzindamo ankayendetsa ndi iwo. Anamukhazika pa benchi. Veronica anatsika ndi Lenah, amene anali atalira mpaka mawu kusasa. Modesta anamuika kubere, ndipo mwana atayamba kuyamwa m'pamene mawu anabwera. Ananena zonse: za pa Ngolo, za nyama, za tikiti, za bokosi. Azibambo anangoweramitsa mitu. Palibe anamudzudzula. Kenako ananena za woperekeza uja.

"Chidakwa chimenecho," anatero bambo wina. "Machona enawa mitu inasokonekera."

"Wati dzina lake ndani?" anafunsa a Fraser.

"Reuben Chimkoka. Wa ku Kasinje."

A Fraser anali akusonkhezera makala ndi kamtengo. Kamtengoko kanaima.

"Wamtali? Wowonda?"

"Eya."

"Anakufunsani za mlatho wa Rivirivi?"

Modesta anavomera ndi mutu. Lenah yekha ankamveka kumeza.

"Mwana wanga," anatero a Fraser, "Reuben anamwalira inu musanabadwe. Nkhondo ya Mau Mau isanayambe n'komwe. Anabwera ndi mzungu wake kuchokera ku Zomba, n'kudzalowa ntchito pa Ngolo pompo, nthawi imeneyo munthu wakuda akulowera khomo lakuseri. Anagwa ndi chibayo atanyamula mbale. Mkazi wake anakagwada kwa bwana kuti mtembo upite kumudzi. Anamudyetsa, n'kumubweza. Tinakamuika ku Kariokor ndi mkanjo wake womwewo, chifukwa analibe chovala china chabwino. Dzenje lake ndinalowamo ine."

"Abale ake anamva?" anafunsa Veronica.

"Mkaziyo anatapa dothi la pamanda kuti akapereke ku Kasinje, mzimu upite nalo. Anadwala pa njira, anakathera ku Mbeya. Kwawo mpaka lero amati Reuben anachona, anakwatira Mswahili." Anapukusa mutu. "Inu si oyamba kumuona. Amadikira amene akupita kumudzi."

Amayi kumtunda anayamba nyimbo ina. Modesta anayang'ana kumsewu kumene anachokera. Anaona zaka zikubwerazo: iye ali ku Bawi, Lenah akukula, akukwatiwa, apongozi atafa, iyenso atafa. Ndipo kuno, m'mbali mwa mpanda wina, Griffin wake ataima m'chisanu ndi suti yake ya ukwati, akuti zikomo kutsogoloko kwa akazi osamudziwa, iwo n'kumathawa.

"Ndiye titani, mayi?" anafunsa a Fraser motsitsa mawu. "Kukucha. A kumochale akufuna yankho."

Modesta anasinthira mwana kubere lina. Anapukuta m'maso ndi duku. Misozi inali itatha, kunatsala zochita.

"Kakumbeni," anatero. "Koma pomuveka, musamuveke nsapato. Griffin sayenda wopanda nsapato, mapazi ake ndi ofewa. Akaona kuti alibe, agona."

Azibambo anayang'anana. A Fraser anayang'ana makala nthawi yaitali, ngati akufuna bodza loti amuuze, koma sanalipeze.

"Mwana wanga," anatero, "Reuben tinamuika wopanda nsapato."