Chipinda cha Khomo Lalikulu

Tinenenji anakumana ndi Chancellor pamalo okwerera basi ku Karama, m'dziko la Aluya kumene ankagwira ntchito, dzuwa la Seputembala likuwotcha ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Ankachokera kuchipatala ndi Mama Nawal, mayi wokalamba wa ku Ejipito amene anali atawasamalira kwa zaka zisanu. Chikuku cha gogoyo chinali chitakana kukwera kakhoma ka m'mphepete mwa msewu.

"Yalla, Tina, yalla!" ankatero Mama Nawal pomufulumizitsa, amene dzina lonse la Tinenenji linawakanika kuyambira tsiku loyamba.

"Chikuku cha mfiti ichi!" Tinenenji anang'ung'udza, poganiza kuti panalibe womumva.

"Mfitiyo ikhululukireni, chemwali. Vuto ndi dalaivala."

Anatembenuka. Panali bambo wa imvi pang'ono m'mbali mwa makutu, atamanga tayi pa kutentha konseko. Bamboyo anaponda kachitsulo kakumbuyo, anapendeketsa chikuku, nachikweza mosagwedeza ngakhale mpango wa gogoyo. Kenako anatseka mabuleki onse awiri osayang'ana n'komwe.

"Munaphunzira kuti zimenezi?" anafunsa Tinenenji. Iye luso limenelo linamutengera miyezi itatu.

"Dzina langa ndine Chancellor Nkhwazi, mkulu wa zamayendedwe pa kampani ina ku Jumeirah Lake Towers. Chilichonse cha matayala chimandimvera ine."

Patapita milungu ingapo, Tinenenji anadzazindikira kuti nthambi ya zamayendedweyo inali ndi galimoto imodzi ndi munthu mmodzi. Koma kodi zimenezo zinali ndi ntchito? Pa zaka makumi anayi ndi chimodzi, m'dziko la eni, anali atapeza munthu womufunsa m'Chichewa ngati wadya.

Mameseji ankabwera m'mawa uliwonse.

"Tine wanga, switi ya mtima wanga, wadzuka? Ine tiyi akukana kutsika ndisanamve za iwe."

"A Chancellor, musandinamize, ndine munthu wamkulu."

"Ukulu wakowo ndi umene wandipha, habibti. Ana a masiku ano ndi phokoso lokhalokha."

Lamlungu, tsiku lake la ofu, ankakumana ku Naif n'kumwa tiyi wa mkaka wotchedwa karaki. Chancellor anali ndi timakhalidwe take. Chokoleti sankadya, ati chimamupweteka mutu. Masitepe ankawapewa, ankazungulira mpaka atapeza njira yotsetsereka. Akafika patebulo m'lesitilanti, ankayamba wachotsa mpando umodzi n'kuuika pambali, kenako n'kuseka n'kuubwezera.

"Ndimafuna mfumukazi ikhale ndi malo," ankatero.

Ikakwana seveni madzulo foni yake inkazima, chifukwa bwana wake anali wovuta. Kumene ankakhala sikunkaloledwa alendo, chifukwa kampani inali yovuta. Zovuta zinalipo zambiri pa moyo wa Chancellor, ndipo Tinenenji ankamumvera chisoni.

Lonjezo linabwera mu Disembala.

"Mu Febuluwale ndikutenga pa sitima yapamadzi, masiku anayi. Tikafika pakati pa nyanja ndidzagwada. Mphete ndagula kale ku Deira. Sindidzakusiya, Tine, ngakhale nyanjayo iphwe!"

Tinenenji anawerenga meseji imeneyo kasanu ndi kawiri, atabisala m'bafa. Anapempha tchuthi kwa mwana wa Mama Nawal, amene analola atapeza nesi wa masiku anayi. Anagula diresi lobiriwira. Anauzanso mng'ono wake wa ku Balaka kuti amalume ayambe kutsuka jekete.

Tsikulo litafika, anakwera sitima padoko la Rashid cha m'ma thu koloko masana. Inali yoti inyamuke faifi. Chancellor ankayenda patsogolo, magalasi akuda pamphumi, akugwedezera mutu antchito ngati ndi iye anawalemba ntchito.

Anaima pa khomo lalikulu kuposa makomo onse a m'kanjirako, natsegula.

"Takulandirani, mayi Nkhwazi a mawa!"

Tinenenji analowa, ndipo kumwetulira kwake kunaima panjira. Pakati pa chipinda panali bwalo loti munthu n'kuvinapo. Pakhomo la bafa panalibe chopunthwitsa. Kukhoma kunali zitsulo zogwirira, m'bafa munali kampando kopinda, sinki inali m'munsi, ndipo pambali pa bedi pankalendewera chingwe chofiira choitanira thandizo.

Zaka zisanu akupukuta zitsulo zoterezi! Wapempha masiku anayi okha oti aziiwale, ndipo zamutsatira mpaka panyanja?

"A Chancellor, chipinda ichi si chathu. Ichi ndi cha anthu oyenda pa chikuku."

"Iyi ndi apugiredi, bebi. Anaona dzina langa. Anthu a maudindo satipanikiza m'timabokosi."

"Udindo wanu ukufunika kampando ka m'bafa?"

"Iwenso, Tine! Ukapatsidwa chinthu uzingoti shukran, zikomo basi."

"Ayi, zipinda izi zimakhala zochepa, ine ndimadziwa. Mwina pali munthu amene wabwezedwa chifukwa cha ife, pomwe tonse tikuyenda ndi miyendo yathu. Tiyeni tikawauze atisinthe."

"Usapite!" Mawuwo anatuluka mofulumira kwambiri. Kenako anakonza tayi. "Ndikutanthauza kuti nkhani zotere zimafuna munthu wodziwana ndi akuluakulu. Ndikaonana ndi kaputeni ndekha. Iwe puma."

Potuluka ananyamula chikwama cha Tinenenji pamene chinali, mbali yotakasuka ya bedi, n'kuchikankhira pakona.

"Apa pasamakhale kanthu," anatero, osaganiza.

Tinenenji anatsala yekha. Manja ake sanadikire kuuzidwa. Anagwedeza chogwirira kuona ngati n'cholimba, anayeza kutalika kwa bedi ndi bondo, anadina matiresi ndi chikhatho. Anali chiweramire choncho pamene wina anagogoda.

Analowa mayi wonenepa wa yunifolomu, atakumbatira pilo. Pachifuwa pake panalembedwa kuti Selinah. Anamuyang'ana Tinenenji, anayang'ana manja ake pa matiresi, nkhope yake n'kuwala.

"Imwe ndimwe a kwathu? Ine ni wa ku Chipata. Ndine niyang'anira zipinda za kuno. Ndimwe nesi wa amai Rosta, ai?"

Tinenenji anaongoka pang'onopang'ono.

"Amai ndani?"

"Amai Rosta, akazi a bambo Nkhwazi. Naona mmene muyezera bedi, nadziwa kuti awa ni a nchito yake. Achita bwino chaka chino kubwera na nesi, bambo aja msana unatha."

Panali njira ziwiri. Akanatha kukuwa. Koma Tinenenji anali atakhala zaka zambiri m'nyumba za anthu, ndipo ankadziwa kuti wantchito amamva zambiri kuposa mlendo.

"Eya," anatero. "Ndine nesi."

"Basi onani pepala ili, muone ngati nasiyako kanthu. Amai amalemba okha akamabukitsa, chaka chino n'chachitatu."

Pepalalo linali m'Chingerezi, lolembedwa mwadongosolo. Matiresi ofewa. Kafiriji ka mankhwala. Kampando ka m'bafa kayesedwe ngati n'kolimba. Tinenenji anawerenga zonsezo ngati nesi weniweni, mpaka anafika m'munsi.

"Chonde ikani pilo wolimba mbali ya kumanzere. Amuna anga msana umawavuta chifukwa chondinyamula, koma sangakuuzeni, ndi onyada. Tsiku lachiwiri tikukwanitsa zaka khumi ndi zinayi m'banja. Keke isakhale ya chokoleti, chimawapweteka mutu."

Zilembo zinayamba kusambira.

"Awiri aja, mayo!" Selinah ankapitiriza uku akuvundikira pilo. "Amawakankha sitima yonse akuimba nyimbo za kwaya. Ine n'natumira mwamuna wanga foni, n'namuuza ati ona anzako mmene akondera akazi awo. Manje amai ali kuti, akali kukwera?"

Chitseko chinatseguka. Analowa Chancellor, m'manja muli matambula awiri a juwisi okhala ndi timaambulera ta pepala.

"Bebi, kaputeni watanganidwa, koma wati..."

Anaona Selinah. Anaona pepala. Kaambulera kamodzi kanagwa.

"Bambo Nkhwazi, mwabweranso!" anatero Selinah. Kenako mawu oti "bebi" anamufika bwino m'makutu. Anayang'ana diresi lobiriwira, anayang'ana bamboyo, anasiya pilo. "Hmm," anatero, natuluka, chitseko n'kuchitseka mwaulemu woopsa.

"Rosta ndi ndani?" anafunsa Tinenenji.

"Rosta? Aaa, Rosta! Ndi mlongo wanga, Tine. Ndimafuna ndikuuze."

"Mwakwanitsa zaka khumi ndi zinayi m'banja ndi mlongo wanu?"

Chancellor anaika matambula patebulo. Anakhala pabedi, mbali ya kumanzere, ndipo mkulu wa zamayendedwe anaoneka wamng'ono kwambiri m'chipinda chachikulucho.

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, ngati munga. Rosta ankagwira ntchito mu ofesi ku Jumeirah Lake Towers komweko. Anachita ngozi ya galimoto zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, miyendo n'kusiya kugwira ntchito. Nyumba yosalola alendo ija inali yake. Bwana wovuta wa seveni koloko uja anali iye, pa nthawi yomusambitsa. Ulendowu anakonza yekha chaka chatha, koma madokotala anamuitana kuti akamuchite opaleshoni ina ya msana. Anamuchita Lachiwiri. Anauza mwamuna wake kuti akafafanize ulendo.

"Ndiye chipinda chikanangopita pachabe, Tine. Ine ndinangosintha dzina basi."

"Munangosintha dzina."

"Dzina lokha!"

"Iwo akudziwa kuti muli kuti?"

"Ndinati ndikupita ku Oman ndi bwana." Anakweza mutu, ngati wapeza pogwira. "Ndipotu sindinaname kwenikweni. Sitimayi ikupitadi ku Oman."

Tinenenji anaseka kuseka kouma. Mabuleki awiri aja! Njira zotsetsereka zija! Mpando uja wochotsedwa patebulo Lamlungu lililonse! Iye ankati ndi ulemu wa mwamuna wodziwa kukonda, osadziwa kuti ankakhazikidwa pamalo pa chikuku cha mkazi wina. Chimene chinamukopa tsiku loyamba lija, manja odziwa kusamala, anawaphunzitsa ndi Rosta.

"Tine, ndimvetse. Ndine munthu, ndinatopa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikunyamula, kusambitsa, kudzuka. Iwe ntchito imeneyi ukuidziwa. Ndikakhala ndi iwe ndimapuma. Iwe ndiwe mpweya wanga, habibti!"

"Ndikuidziwadi," anatero Tinenenji. "N'chifukwa chake ndikufunsani funso limodzi. Munthu wochitidwa opaleshoni ya msana, amene miyendo yake simva, amafunika kutembenuzidwa maola awiri aliwonse. Ndani akuwatembenuza a Rosta?"

"Manesi alipo."

"Manesi ali ndi odwala makumi awiri. Ndani akuyang'ana zidendene zawo? Ndani akudziwa mbali imene sakonda kugonera?"

Yankho Chancellor ankalidziwa. Linali litamanga tayi.

Ndiyeno anachita chimene anaona kuti mwamuna wa udindo angachite. Anapisa m'thumba, anatulutsa kabokosi kofiira, nagwada pakati pa bwalo lija. Malo ogwadira analipo okwanira.

"Tinenenji, lonjezo ndi lonjezo. Tisadikire pakati pa nyanja. Za Rosta ndikonza, inshallah, ungondipatsa nthawi. Ndikwatire... ndikutanthauza, undilole..."

Mphete inali yokongola, zimenezo sitingakane. Tinenenji anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaganiza za mng'ono wake ku Balaka, za jekete la amalume lili pachingwe. Misozi inatsika yokha, ndipo sanaipukute.

Anatenga pepala lija, nalisanjika bwinobwino pa pilo wolimba. Ananyamula chikwama chake pakona.

"Tine! Switi! Ukupita kuti? Dikira!" Chancellor anayesa kudzuka, koma msana unagwira. Anatsala chogwada, dzanja limodzi m'chiuno, lina lili ndi mphete. "Mayo, msana! Tine, ndigwire dzanja!"

Tinenenji anaima pakhomo lalikulu lija.

"Chogwirira chili pambali panupo. Chikakanika, kokani chingwe chofiira. Tsalani bwino, amuna a Rosta."

M'kanjira anapeza Selinah ataima ndi ngolo yake ya matawulo. Selinah anangomupatsa kathawulo kakang'ono koyera, namulozera njira yachidule yotsikira. Pachipata anamufunsa kawiri ngati akudziwa kuti akatsika sitima simudikira. Anati akudziwa.

M'basi yopita ku Karama foni inayamba kunjenjemera.

"Habibti bwerera, tikambirane ngati anthu akuluakulu."

"Tine, wandisiya pansi ngati galu."

"Ndatsika nanenso. Ndili padoko. Moyo wanga uli m'manja mwako, ndiuze chochita."

Tinenenji anabweza foni m'chikwama. Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe, diresi lobiriwira litamata thukuta. Nesi wa masiku anayi anali pakhonde akuseka pa foni. Mama Nawal anali chigonere mbali imene anawasiyira m'mawa, nkhope ili kukhoma.

"Tina? Masiku anayi atha kale?"

"Khalas, Mama. Atha."

Anavula nsapato, analowetsa mkono pansi pa phewa la gogoyo, nawatembenuza mofatsa. Anaika pilo pakati pa mawondo, anayang'ana zidendene. Atamaliza anakhala pampando, natenga foni. Analemba meseji imodzi yokha, yomaliza, asanafufute nambala ija.

"Pitani kuchipatala. Maola awiri akwana kalekale."