Mungosaina Apa, Amayi

Gesine anadziwa kuti tsikulo silitha bwino atangoona mlamu wake Frauke akutsika m'galimoto atanyamula maluwa. Chisamukireni ku mzinda wa Hamburg, Frauke ankaoneka pa Khrisimasi ndi pa maliro basi, ndipo maluwa ankagula akafuna kanthu.

Linali Lamlungu masana, kunyumba kwa mayi Ortrud, apongozi ake a Gesine. Mayiwo anali oti akachitidwa opaleshoni ya mtima sabata yotsatira. Dokotala wawo anawalangiza kuti alemberetu chithandizo chomwe angalole ndi chomwe angakane zinthu zitavuta iwo osathanso kulankhula, komanso dzina la munthu woti adzawalankhulire. Ndiye anaitanitsa ana awo awiri, Frauke ndi mlongo wake Hauke, kuti akambirane.

Gesine, mkazi wa Hauke, sanaitanidwe ku nkhaniyo. Iye anabwera kudzaphika keke ya maapozi ndi kudzawasambitsa apongozi ake, monga ankachitira chigwereni mayiwo m'bafa n'kuthyoka chiuno. Nthawi yonseyo mayi Ortrud sanamuyamikepo. Madzi ankati azizira, thaulo ankati likukala, khofi wa mpongozi wawo ankati ndi madzi otsukira mbale.

Atakhala patebulo, Frauke sanadikire n'komwe kuti khofi athiridwe. Anatulutsa chikalata m'chikwama, n'kuchiyala pambali pa keke.

"Ndakupeputsirani ntchito, Amayi. Ndalemba kale zonse. Mungosaina apa, ndi apa."

"Magalasi anga ali kuchipinda," anatero mayi Ortrud.

"Palibe choti muwerenge. Ndi zomwe aliyense amalemba masiku ano."

Mayi Ortrud anakankhira chikalatacho kwa Gesine, yemwe anali ataima ndi mphika wa khofi m'manja. "Mpongozi, tawerenga. Mokweza."

Gesine anaika mphika pansi n'kuyamba kuwerenga. Mtima ukaima, asautsitsimutse. Mpweya ukavuta, asawaike pa makina opumira. Akalephera kumeza, asawadyetse pa chubu. Anafika pa mzere wa diripi, napeza kuti nayonso yakanidwa. Ngakhale mankhwala a chibayo anali atakanidwa. Anayang'ana mlamu wake, n'kuona akudzidulira keke yaikulu, akunyambita chala.

"Alamu, ngakhale madzi?" anafunsa Gesine.

"Iwe wapemphedwa kuwerenga, osati kuyankha," anatero Frauke. "Amayi atopa. Tonse tinaona mmene Bambo anazunzikira pa makina paja. Ine ndi Hauke tinagwirizana kale pa foni."

Gesine anatembenukira kwa mwamuna wake. Hauke maso anali m'mbale, akutola nyenyeswa ndi foloko.

"Munagwirizana? Chikalatachi munachiona?"

"Achemwali anandiwerengera mwapatalipatali," anatero Hauke osadzutsa mutu. "Zinthu izi ine zimandidwalitsa, ukudziwa iwe."

"Ndipo m'pofunika tiziganiza za kutsogolo," anapitiriza Frauke, m'kamwa muli keke. "Nyumba ino masitepe ake ndi oopsa. Mkulu uja wogulitsa nyumba anati denga lokha ndiye lofunika..."

Analekeza pomwepo.

"Mkulu uti?" anafunsa mayi Ortrud.

Frauke anayang'ana kumbali.

"Ndikufunsa. Ndani analowa m'nyumba mwanga?"

"Anangodzaona, Amayi," anatero Hauke. "Tsiku lija Gesine anapita nanu kokajambulitsa mtima. Achemwali anandiuza pa foni kuti ndimutsegulire, ine n'kutsegula. Sindinaganize zambiri."

Gesine analikumbukira tsikulo. Anakhala m'khonde la chipatala atagwira dzanja la apongozi ake, akuwapukuta masanzi pa bulauzi. Nthawi yomweyo mwamuna amene amagona naye bedi limodzi ankatsegulira mlendo kuti ayeze zipinda za munthu wamoyo. Anamuyang'ana Hauke, kirimu wa keke ali pa ndevu, ndipo anafuna kulavula.

Mayi Ortrud anagwetsa misozi, koma mawu awo sanagwedere.

"Ndinakuitanani kuti mundifunse. Palibe wandifunsa. Frauke, ukuti ndatopa? Anakuuza ndani? Ine ndikufuna kukhala ndi moyo. Mtima ukaima pa opaleshoni, autsitsimutse. Makina akafunika, andiike. Ayesetse ndithu. Koma madokotala akadzanena kuti mutu wapita, sindidzazindikiranso munthu, pamenepo andileke ndipite, andipatse zoletsa ululu basi. Bambo anu anazunzika chifukwa inu awiri munkakangana m'khonde, wina akuti zimitsani, wina akuthawira kuchimbudzi dokotala akabwera."

"Amayi, inetu ndimakukondani," anatero Frauke, nayenso akuyamba kulira. "Ndayenda ulendo wonsewu chifukwa cha inu. Lembani zomwe mukufuna, koma dzina la wokulankhulirani likhale langa. Ndine woyamba kubadwa."

"Ndilemba Gesine."

Frauke misozi inauma nthawi yomweyo. "Wobwera uyu? Mwazi wanu uli pano, inu n'kusankha mkazi wa mwini?"

"Ndi iye akudziwa pomwe pali chilonda pamsana pangapa. Iwe ukudziwa? Ndamutukwana kangati m'bafa muja, koma sanandinamizepo, ndipo sanandisiyepo wosavala."

"Wakunyengererani. Akufuna nyumba."

"Alamu," anatero Gesine, "amene anabweretsa wogulitsa nyumba si ine. Pukutani pakamwa, pali keke."

Frauke anadzuka, mpando n'kugwa chagada. Anatola chikwama chake, nati sadzapondanso pakhomopo, ndipo pa maliro asadzamuitane. Anamenyetsa chitseko mpaka makapu analira m'kabati. Maluwa ake anatsala pa sinki, ali m'pepala momwemo.

Mayi Ortrud anapukuta m'maso ndi nsalu ya patebulo. "Sindinakufunse, mpongozi. Uvomera?"

Gesine anapinda chikalata chija. Udindowo unali katundu wolemera, ndipo ankadziwa kuti tsiku lina abale onse adzamuloza zala.

"Ndivomera, Amayi. Koma chikalata ichi ndikutaya. Mawa tipita kwa dokotala wanu, mukanene nokha mawu ndi mawu, iye alipo. Sindikufuna kudzaganizira ndekha zomwe mumafuna."

"Chabwino. Tsono ndigoneke, mutu ukuwawa." Ali pakhomo la chipinda, atatsamira paphewa la Gesine, anawonjezera, "Keke ija inapsa bwino lero."

Pobwerera kukhitchini, Gesine anapeza Hauke akutsuka mbale, ntchito yomwe sanaigwirepo m'nyumbamo. Maso ake anali ofiira.

"Gesine, ndikhululukire. Sindinafune kuti Amayi afe. Ndimangoopa. Achemwali akalankhula, ine mutu umaima, kuyambira tili ana."

"Muli ndi imvi, a Hauke."

"Ndikudziwa. Koma taona, zatha bwino. Iweyo ndiye woyenera, uli ndi mtima wolimba. Ine kunena zoona ndapepukidwa."

Mawu amenewo ndi amene anamunyansa kuposa zonse za tsikulo. Anaona nkhope ya mwamuna wake itamasuka ngati mwana amene wathawa ntchito ya kusukulu. Hauke anatambasula dzanja lonyowa kuti amugwire, iye n'kubwerera m'mbuyo.

"Musandikhudze. Ine ndigona kuno mpaka Amayi atatuluka m'chipatala. Kiyi wa nyumba ino muike patebulopo."

Hauke anapisa m'thumba, nautulutsa pa mpukutu wa makiyi, zala zikuterera. "Ndiye ubwera liti kunyumba?"

"Sindikudziwa. Mawa kwa dokotala ndikatenga chikalata china, changa."

"Wachita bwino," anatero Hauke mofulumira, akufuna kumusangalatsa. "Tidzalembere limodzi. Undiuze zonse zomwe ukufuna, ine ndidzaonetsetsa kuti..."

"Wondilankhulira ndilemba mng'ono wanga Antje."

Hauke anaima kukamwa kuli yasa, madzi akudontha m'manja mwake. "Koma ine ndine mwamuna wako."

"Ndinu mwamuna wanga. Ndipo lero ndaona zomwe mumachita munthu akagona osatha kudziteteza."

Anatenga kiyi uja patebulo, nauika m'thumba la epuloni, n'kumutsegulira chitseko.