Chithunzi Chimene Chawanangwa Anakana Kugulitsa

Sajeni Eneless Nyirenda anali atangonyika mayunifolomu a ana ake m'beseni pamene foni inalira, Loweruka 6:40 m'mawa.

"Madamu, kuli mtembo kuseri kwa holo ku Embangweni."

Anapukuta manja pachitenje n'kunyamuka.

Wakufayo anali Chawanangwa Jere, wojambula m'misonkhano ya makampani. Anamenyedwa ndi njerwa kunkhongo, kamera palibe. Dzulo lake anajambula msonkhano wa kampani ina yogawa feteleza kwa alimi a fodya, natsukitsa zithunzi masana, n'kuziyala pakhonde kuti aliyense agule chake. Mpaka 10 koloko panalibe m'bale wobwera kudzalira.

Anthu analoza Feston, wojambula wakale amene ankamukalipira tsiku ndi tsiku.

"Munkamukalipiranji?" Eneless anamufunsa.

"Ndinkamuphunzitsa, mama. Misonkhano ndiyo inali sukulu yake. Zabwino ankagulitsa, zolakwika ankabweretsa kwa ine. Dzulo 4 koloko anasiya zithunzi izi."

Eneless anazitembenuza chimodzichimodzi. Pa china, wolankhula anatuluka mbuu, koma pawindo la kumbuyo kwake zonse zinkaoneka bwino. Bestone Gondwe, mlangizi wa kampaniyo, ankakweza feteleza wa alimi m'galimoto ya venda. Kuseri kwa chithunzicho Chawanangwa anali atalemba kuti: "Ndalakwitsa. Kamera yagwira zakumbuyo."

Pofika 2:15 Bestone anali m'chipinda chofunsira mafunso kupolisi ya Mzimba boma.

"Ine ndinali m'holo tsiku lonse, Madamu."

Eneless anaika chithunzi patebulo. "Bambo Gondwe, ndasiya zovala m'madzi. Kamera ili kuti?"

Bestone anachiyang'ana.

"M'chimbudzi chokumba. Ndinachiona akusankha pakhonde. Ndinamupempha chomene kuti andigulitse, anakana. Mbwenu ndinadziwa kuti akufuna kukandinenera kwa mabwana, ntchito indithere. Anthu atabalalika ndinamutsatira."

"Pokana anati chiyani?"

"Anati zolakwika sagulitsa."

"Ndiye ankanena zoona. Inu sanakuonenimo n'komwe. Iye ankaona kulakwitsa kwake basi."

Pafailo panafunika chithunzi cha malemu ali moyo. Feston anafufuza m'makatoni onse, nkhope za mabwana ndi alimi za zaka zitatu, koma cha Chawanangwa sanachipeze.

Eneless anafika kunyumba 5 koloko itadutsa. Ana anali kukwaya, pakhomo pali zii. Thovu linali litatha m'beseni, madzi atazizira. Anakhala pampando, natola shati yoyamba, n'kuyamba kutikita kolala.