Katoni pa Zenera

Bambo ake anayamba kumutchula kuti Dokotala ali kalasi yachitatu, ndipo dzinalo linamumata ngati chingamu. Iwo anali atelala, ndipo pofuna kuti loto lawo lisathawe, anamukonzera mtsikanayo powerengera ndi pogona m'kachipinda kosungira nsalu kuseri kwa shopu. Zenera linali limodzi, nalonso analikhomera katoni chifukwa mwana ankakonda kusuzumira anzake akamadumpha chingwe pamsewu.

Akangoweruka kusukulu, Dokotala ankalowa m'menemo. Loweruka ndi Lamlungu chimodzimodzi. Babu silinkazima ngakhale pogona, poti bambo ankati mwana akadzidzimuka azingotola buku. Mwana wa eni ake sankadziwanso ngati kunja kwacha kapena kwada. Nthawi ankaimvera pa makina osokera: akasiya kulira, ndiye kuti ndi madzulo. Tulo tinkamupeza m'kalasi, usiku n'kumangogubuduka. Kunena zoona ankadana nako kachipindako, koma ungawatsutse bwanji bambo amene akuthyoka msana chifukwa cha iwe?

Patapita zaka ziwiri, zolemba za pabolodi zinayamba kuoneka ngati utsi. Anasamukira kutsogolo, kenako n'kumakopera kwa mnzake, osauza munthu. Zinaululika tsiku limene aphunzitsi anamuimiritsa kuti awerenge funso pabolodi. Iye sanathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi, misozi ili chuchuchu.

Kuchipatala, mayi woyeza maso anamuwerengetsa zilembo za pakhoma, ndipo anakwanitsa mizere iwiri yokha yapamwamba. Bambo anafulumira kudziteteza kuti mwana wawo sapsa ndi dzuwa ndipo sawerengera mumdima. Mayiyo anafotokoza modekha kuti thupi lili ndi wotchi yakeyake, ndipo diso la mwana likamakula limatsatira kuwala kwa masana ndi mdima wa usiku. Likamanidwa zimenezi, nthawi zambiri limatalika mopitirira, zakutali n'kumaoneka mbuu. Anati magalasi akatuluka sabata yamawa amuthandiza, koma disolo silidzabwereranso mwakale. Kenako anavula magalasi ake omwe n'kuwayang'ana atelala.

"Bambo, mwanayu dzuwa amaliona liti?"



Atafika kunyumba, atelala sanakhale n'komwe pansi. Anatenga sizasi yawo yaikulu, yomwe sankalola munthu kuikhudza, n'kuyamba kuzulira misomali ya katoni umodziumodzi. Kuwala kunalowa, fumbi la nsalu n'kumaoneka likuuluka. Dokotala anasendera pazenera akuphethiraphethira. Kutsidya kwa msewu, munthu wina wosenza dengu anaima n'kumamukwezera dzanja.

"Ababa, akundibayibitsawo ndani?"

Bambo anasuzumira. Mtima unawapweteka kwambiri.

"Ndi amayi ako, mwanangu."

Anatseka buku limene linali patebulo, n'kuzimitsa babu lija, kenako anatsegula chitseko chonse.

"Pita ukawachingamire. Ndipo usafulumire kubwera."